Chitenje cha Ines

Ku boma la Mangochi, mukadutsa msika n'kulunjika kumlatho, pali kanyumba ka zipinda zitatu kolembedwa dzina la bungwe lothandiza amayi oyanika usipa. Dzinalo ndi lalitali kuposa khoma, moti wolemba chikwangwani anachita kupinda mawu omaliza. M'chipinda chakumapeto, momwe mwini nyumba ankasungiramo makala, ndimo munali ofesi ya Mateus. Ntchito yake inali yokonza masilaidi, mawu ndi zithunzi zija amaonetsa pakhoma pamisonkhano kuti alendo asagone. Anaigwira zaka pafupifupi makumi awiri, ndipo palibe mlendo anafunsapo dzina lake.

Mateus analowa m'Malawi wapansi, kudzera ku Chiponde, m'chaka cha 1987, ali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Ankathawa nkhondo ya ku Mozambique ngati anzake ambirimbiri. Nkhondo itatha ena anabwerera, ena anakhazikika m'malire ndi mabanja awo. Iye analibe wobwerera naye, analibenso wokamupeza. Anakulira ku Malindi kwa mkulu wina wokhoma mabwato, amene anamutola osati chifukwa cha chifundo chokha ayi, komanso poti panyumbapo panalibe wotunga madzi. Kusukulu ya mishoni aphunzitsi anaona kuti mwanayo ali ndi dzanja, zilembo zake zinkayenda moongoka ngati mizere ya chimanga. Dzanja limenelo ndi limene linamudyetsa. Anayamba ndi kulemba mapepala akuluakulu opachika pamisonkhano ya m'mahotela a kunyanja, kenako taipi, kenako kompyuta. Ukaipa dziwa nyimbo, ndipo Mateus nyimbo yake anaidziwa.

Pantchito anali ndi makani ake ang'onoang'ono. Sankalola mizere yopitirira isanu pasilaidi imodzi. Sankalola chithunzi cha utaka pomwe nkhani ili ya usipa, ngakhale ankadziwa bwino kuti mzungu sangasiyanitse. Anzake ankamuseka kuti amakonza masilaidi ngati akusoka nsalu yamaliro. Iye ankangomwetulira, chifukwa munthu wopanda munda amalima pomwe wapatsidwa.

Kuipa kwake kunali kumodzi: analibe m'bale. Atakwatira Ajira n'kukakhala kwawo kwa mkaziyo kutsidya kwa mlatho, alamu ake sanachedwe kumupatsa dzina. Ankamutcha Anagwandimvula. Pamaliro, paukwati, pamlandu uliwonse, ikafika nthawi yoti a kwawo kwa Mateus alankhule, anthu ankayang'anana, wina n'kunena kuti mtundu wonse ndi womwe wakhala pampandowo. Ajira zinkamupweteka kuposa mwini wake. Anamufunsa kamodzi, akadali achinyamata, kuti kwanu kunatsala ndani, iye n'kuyankha mawu awiri: onse anafa. Za bambo ndi mayi ake zinali zoona. Koma panali wachitatu amene Mateus sanamutchule, ndipo zaka zonsezi anakhala atamutsekera m'chifuwa.

Chaka chatha mu Julaye, ukwati wa mwana wawo woyamba, Nasra, utatsala milungu isanu ndi umodzi, mkulu wa bungwe, a Swadick Jaffalie, anabwerako ku Lilongwe ali ndi chipembedzo chatsopano. A Jaffalie ndi munthu wamimba yabwino ndi mawu osalala, wa mtundu uja woti amatha kukuchotsa ntchito iwe n'kuthokoza. Kumsonkhanoko anaona mapulogalamu anzeru zamakina, aja achinyamata akungoti AI, oti ukangowapatsa nkhani amakudulira okha masilaidi. Ogula bungwe silikanawakwanitsa. Koma anamva kuti alipo aulere, amene eni ake anawasiya poyera pa intaneti kuti aliyense atenge, aone m'kati mwake, asinthe zomwe akufuna. Mnzawo wina anawalembera mayina awiri pakapepala. Kapepalako anakaponya patebulo la Mateus n'kumuuza kuti ayese onse awiri, asankhe imodzi pofika Lolemba. Azungu opereka thandizo ankabwera patatha milungu iwiri kudzaona ngati bungwelo n'loyenera kupitirira. Akapanda kukondwa chitseko chitsekedwa, ndipo bambo wa mkwatibwi adzavina paukwati ali lova.

Mateus sanaope. Anali ataona taipi ikufa iye n'kutsala. Anakopera mapulogalamu onse awiri n'kuwapatsa mayina kuti asamaluma lilime. Yoyamba anaitcha Kalaliki. Inkagwira ntchito m'laputopu momwemo osafuna intaneti, yochedwa ngati mzere wa kuchigayo, ndipo inkatenthetsa makinawo mpaka ankachita kuwakhazika pa njerwa ziwiri kuti mphepo izidutsa pansi. Masilaidi ake anali oyera mbee, mawu akuda, basi. Ukaisiyira malo osadzaza, nayo inkasiya pomwepo n'kulemba kuti pano sindinapatsidwe kanthu. Yachiwiri anaitcha Loya. Iyi inkadya bandulo ngati mbuzi yolowa m'dimba, koma usanamalize tiyi inali itatsiriza kale: mitundu yowala, zithunzi zojambula yokha, mitu yankhani yokoka maso. Loya sinkasowa chonena.

Poyamba anawayesa ndi lipoti la chaka la bungwe. Vuto linali lakuti lipotilo analemba ndi a Jaffalie. Munali amayi mazana asanu ophunzitsidwa kuyanika nsomba mwaukhondo, pomwe Mateus, amene ankajambula zithunzi pamaphunzirowo, sanaonepo amayi odzaza ngakhale kalasi imodzi. Ndiye pomwe Loya yawonjezera ndi pomwe bwana anawonjezera kale sipankaoneka msoko. Masiku atatu anayerekeza mpaka mutu kuwawa. Kenako anakumbukira zomwe mkulu wa mabwato uja ankanena, kuti bwato latsopano suliyesa pamadzi osawadziwa. Kuti agwire pulogalamu yonama, anayenera kuipatsa nkhani yomwe iye yekha akuidziwa kuyambira kumutu mpaka kumchira, yomwe munthu wina aliyense sanaikhudzepo. Nkhani yotero anali nayo imodzi yokha.

Lachisanu masana anzake onse anapita kumzikiti. Iye Chisilamu sanalowe, kutchalitchi nako ankangofikako pamaliro, choncho ola limenelo linali lake. Anatseka chitseko n'kuyamba kutaipa m'Chingerezi chake cha kumishoni. Analemba za mudzi wotenthedwa, za bambo ake amene sanatuluke m'nyumba, za mayi ake amene anagona panjira tsiku lachitatu osadzukanso. Analemba kuti anatsala ndi mlongo wake Ines, wazaka zinayi, amene anamubereka kumbuyo ndi nsanza ya thumba. Mwanayo anali ndi chilonda pamwendo ndipo sankaleka kulira. Gulu lomwe ankayenda nalo linali la anthu achilendo. Dzuwa lili paliwombo anamva mfuti kutsidya kwa dambo, ndipo akuluakulu anamuuza mosapita m'mbali kuti mwanayu atiphetsa, umusiye kapena utsale naye. Mateus anamukhazika pansi pa mtengo wa msuku, anamupatsa kachidutswa ka chinangwa, n'kumuuza kuti khala pompano, ndikubwera. Ines analeka kulira, chifukwa mchimwene wake anali asanamunamizepo. Nkhaniyo inathera pomwepo, poti Mateus sankadziwa china chilichonse.

Atamaliza anaipereka nkhaniyo ku mapulogalamu onse awiri. Anadziuza kuti ndi mayeso chabe, makina alibe pakamwa.

Kalaliki inatafuna nkhaniyo theka la ola n'kutulutsa masilaidi asanu ndi awiri. Yomaliza inali ndi mawu amodzi aja, ndikubwera, ndipo pansi pake panali kamzere konena kuti zomwe zinamuchitikira Ines sizinaperekedwe. Mateus analira monga sanalirepo chiwolokereni malire, mwakachetechete, akuopa mlonda panja. Loya inatha mphindi imodzi, masilaidi khumi. Asanu ndi awiri oyamba anali nkhani yomweyo yothiridwa mafuta onunkhira. Atatu omaliza anali ake a Loya. Inati nkhondo itatha mnyamatayo anayendayenda m'misasa mpaka anamupeza mlongo wake, anamulipirira sukulu, ndipo lero Ines ndi namwino ku Blantyre. Panali ndi chithunzi chomwe, mzimayi wovala zoyera akumwetulira.

Chithunzicho Mateus anachiyang'ana nthawi yaitali, akudana nacho, akuchifunanso. Koma mayeso anali atatha ndipo wakuba anali atagwidwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Analemba tsamba limodzi lolangiza kuti bungwe litenge Kalaliki, chifukwa ndi yochedwa ndi yosakongola koma sinena zomwe sinauzidwe. Masilaidi a Loya anawafufuta m'laputopu. Anaiwala chinthu chimodzi, kuti Loya inkasunga ntchito zake pa intaneti, pa akaunti ya ofesi, yomwe a Jaffalie ankaitsegula pafoni yawo.

Lolemba m'mawa bwana anamuitana. Tsamba la Mateus linali patebulo, kapu ya tiyi itakhala pamwamba pake. A Jaffalie anali ndi foni m'manja, maso akuwala ngati a msodzi amene wamva khoka likulemera.

"Che Mateus," anatero, "zaka zonsezi mwakhalira chuma chotere osanena?"

Mateus atasuzumira pafoniyo anaona namwino uja akumumwetulira. Anafotokoza mwaulemu, manja ali kumbuyo, kuti anali mayeso chabe, kuti nkhaniyo si ya ofesi, kuti ngakhale mkazi wake saidziwa. Kenako ananena chachikulu, kuti masilaidi atatu omalizawo ndi bodza la makina, Ines sanamupeze.

"Munaona mtembo wake?"

"Ayi, bwana."

"Ndiye mukudziwa bwanji kuti si namwino?"

A Jaffalie anaseka okha, anakondwa ndi nzeru zawo. Anati azungu atopa ndi usipa, bungwe lililonse kunyanja kuno limawaonetsa mayi ataima pambali pa thandala. Chomwe sanaonepo ndi mwana wothawa nkhondo amene lero ndi mzati wa bungwe. Anati iwo sakakamiza munthu, koma anamukumbutsa kuti pabungwepo pakudya mabanja asanu ndi limodzi, ndiponso kuti ukwati wa Nasra wayandikira. Pomaliza anamuyamikira mokoma mtima kuti wasankha bwino pulogalamu. Mateus anati iye wasankha Kalaliki. Bwana ananyamula kapu, anayang'ana chidindo cha tiyi patsambapo, n'kuibwezera pomwepo.

Wina anganene kuti akanakana. Onena zimenezo ndi anthu okhala ndi kwawo. Munthu amene akachotsedwa ntchito ali ndi malume womugawira munda amakana mosavuta. Mateus anali mkamwini wopanda mudzi, ndipo ulemu wake wonse kwa akuchikazi unali njinga yopita kuofesi m'mawa ndi malaya osita. Anavomera. Potuluka m'chipindamo anadziwa kuti wamusiyanso kachiwiri pansi pa msuku uja, ndipo ulendo uno kunalibe mfuti. Sabata yonseyo ndiye amene anakonza masilaidiwo, kuwongola mawu, kuika chizindikiro cha bungwe pakona iliyonse, chifukwa ntchito yoipa nayo sankatha kuigwira mwauve.

Msonkhano unachitikira ku hotela ina ya ku Makokola, m'chipinda chozizira ngati mosungira nsomba. Anatsegula ndi mapemphero awiri, la shehe ndi la abusa, monga mwa masiku onse. Azungu anali atatu. A Jaffalie ankalankhula, Mateus atakhala pakona pafupi ndi pulojekita, ntchito yake kudina batani bwana akagwedeza mutu. Za usipa zinatenga mphindi khumi. Kenako bwana anatsitsa mawu n'kuloza pakona, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka makumi awiri alendo anamva dzina la wokonza masilaidi.

Anadina. Pakhoma panaoneka kamtsikana konenepa, kovala diresi lapinki ndi nsapato, katakhala pansi pa mtengo womwe sumera kulikonse m'dziko lino. Ines sanavalepo nsapato moyo wake wonse. Anadinanso, ndipo panabwera mawu ake aja, ndikubwera, atalembedwa ndi zilembo zagolide. Mayi wachizungu wachikulire anatulutsa kansalu m'chikwama. Bwana anagwedeza mutu, chala cha Mateus chinakana. Bwana anagwedezanso, ndipo namwino anadzaza khoma lonse. Anthu anaomba m'manja, shehe ndi abusa omwe.

Nthawi ya tiyi mayi uja anamugwira manja onse awiri, misozi ili m'masaya, n'kumuuza kuti iye ndi mchimwene wabwino, wosunga lonjezo. Anafunsa ngati Ines amabwera kudzacheza. A Jaffalie anayankha mofulumira kuti ntchito yachipatala sipatsa mpata, koma pa Khirisimasi salephera. Onse anatembenukira kwa Mateus. Iye anagwedeza mutu kuvomereza, ndipo bungwe linapatsidwa zaka zina zitatu.

M'mawa mwake bwana analamula kuti Kalaliki ichotsedwe, ikungodzaza laputopu. Mateus anatsegula masilaidi asanu ndi awiri oyera aja kamodzi komaliza. Ndiwo okha padziko lonse amene ankanena nkhani ya Ines osawonjezera. Anaganiza zowasunga, koma awasungire ndani, nanga ndani akanawakhulupirira tsopano? Anawafufuta ndi dzanja lomwe lija aphunzitsi ankalitama.

Nthawi yomweyo, m'chipinda chinacho, a Jaffalie chisangalalo chitawakwera anatumiza masilaidi a Loya kugulu la pafoni la amayi oyanika usipa, kuti aone zomwe zapulumutsa bungwe lawo. Ambiri mwa amayiwo Chingerezi sawerenga, koma dzina la Mateus ndi chithunzi cha namwino zinakwanira kuti afunefune womasulira. M'gulumo munali msuweni wa Ajira. Nkhani inaoloka mlatho Mateus asanakwere njinga.

Atafika kunyumba anapeza pakhonde padzaza: apongozi, alamu awiri, msuweni uja, ndi Nasra foni ili m'manja, atawawerengera kale zonse. Mateus anayembekezera mlandu wa mwana wosiyidwa pathengo. Unali mlandu womwe anaukonzekera moyo wake wonse, ndipo penapake mumtima ankaufuna. Koma za msuku palibe anachedwa nazo. Mlamu wamkulu anati nkhondo ndi nkhondo, chachikulu anapezana. Mlandu unali wina, wobisa mlongo. Ajira anamukalipira pamaso pa onse, kuti zaka zonsezi iye wakhala akunyozedwa kuti anakwatiwa ndi munthu wopanda mtundu, pomwe mlamu wake ali pa Blantyre pompa, namwino weniweni. Kodi ankachita manyazi ndi akuchikazi osapita kusukulu? Anakalipa mpaka mawu anasanduka kuseka, kuseka n'kusanduka misozi. Mateus anali asanamuonepo mkazi wake atakondwa chonchi, ngakhale tsiku lomwe Nasra anabadwa. Alamu omwe aja anamupatsa dzina anamusunthira mpando. Nasra anati azakhali ake adzakhale kutsogolo paukwati, ndipo ndi iwo adzalankhule m'malo mwa a kwa bambo.

Akanatha kunena zoona pomwepo. Koma msuweni uja anali pakhonde, foni yake yolumikizana ndi gulu lonse, gululo ndi bwana, bwana ndi azungu. Ndipo panali nkhope ya Ajira. Atamufunsa nambala ya Ines, anati ili m'foni ya kuofesi, amuimbira yekha.

Alendo atabalalika, Ajira analowa m'nyumba n'kutuluka ndi nsalu. Chinali chitenje cha ukwati, cha mtundu umodzi chija abale amasoketsa kuti patsikulo adziwike kuti ndi a banja. Anali atagawira kale abale ake onse, ndipo kumbali ya Mateus kunali kachidutswa kamodzi, ka malaya ake okha. Masana amenewo, atangomva nkhaniyo, anathamangira kumsika pa kabaza kukagula china nsaluyo isanathe. Anachiyala pamiyendo ya mwamuna wake n'kuchisalaza ndi chikhatho.

"Telala akufuna muyeso mawa, bambo a Nasra. Pachithunzipa thupi silikuoneka bwino. Alamu angawo ndi onenepa kapena owonda?"

Mateus anayang'ana nsaluyo. Kumsana kwake anamva kulemera kuja, kopepuka ngati mtolo wa udzu wouma, timanja tiwiri titamugwira pakhosi.

"Ndi wowonda," anatero. "Wamng'ono kwambiri."

Ajira anaseka, anati ndiye nsalu itsalako, n'kuipinda bwinobwino.